Wazikwangwani ndi mtengo wa maluwa achikasu

Wazikwangwani anapeza chikwangwani chake chomaliza chitatayidwa kuseri kwa golosale, nkhuku zikupondapo. Pakhomo anali atapachika china chosindikiza pa makina. Ntchito imene anakulira inathera pomwepo. Iye ndi mkazi wake anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa mlamu wake, mabulashi akuuma m'chitini.

Mlamu wakeyo ankathirira mbande kumalo ofufuza za mitengo, ndipo tsiku lina anabwera ndi uthenga. Kumeneko ankafuna munthu wojambula zomera zoika m'buku. Mayeso ake anali kujambula nthambi ya mtengo wina wa maluwa achikasu, maluwawo asanayoyoke. Akayoyoka chithunzi chisanavomerezedwe, ntchito ipita kwa wina.

"Duwa basi?" anaseka Wazikwangwani. "Alamu, ine ndinajambulapo ng'ombe yathunthu pakhoma!"

Woyesa anali mayi wina wa magalasi amene antchito anzake ankamutchula kuti Mayi Bwerezani. Dzinali sanalitole panjira.

Chithunzi choyamba chinali chokongola kwabasi. Maluwa onenepa, masamba onyezimira ngati apakidwa mafuta.

"Bambo, mtengo umenewu mwautenga kuti?" anafunsa mayiwo. "Kuno kulibe."

"Ndangoukonza pang'ono, mayi."

"Tsamba ili pamtengopo ndi lodyedwa ndi mbozi. Inu mwalisoka? Bwerezani."

Apa ndi pamene bamboyu amandikwiyitsa ine. Pa zikwangwani anazolowera kunenepetsa chilichonse, poti palibe wamalonda amene angalole nkhuku yowonda pakhoma pake. Dzanja linkathamangira kukometsa maso asanaone n'komwe. Masamba a mtengowo amaphuka mosinthana, ili kuno linalo uko, koma iye ankawafoletsa awiriawiri ngati ana a sukulu. Anabwezedwa. Penti yamadzi, yofunika kungoikhudzitsa papepala, ankaimata ngati akupenta geti. Anabwezedwanso. Kenako anathyola nthambi n'kulowa nayo m'chipinda, ndipo pomwe ankamaliza kusakaniza penti duwa linali litafota kale. Koma abale!

Akafika kunyumba nkhani inali imodzimodzi, yoti mayi uja akumuda. Mkazi wake anamvetsera mpaka kutopa nazo.

"Abambo, tsiku lija munandijambula ine, mayi anga enieni anafunsa kuti mkazi ameneyu ndani. Vuto si mayi wa magalasiyo ayi."

Mawuwo anamulasa, moti ananyanyala kujambula masiku angapo. Ali mkati monyanyala choncho, kunawomba chimphepo. Atafika pamtengo paja anapeza maluwa ali mbwee pansi. Panatsala kanthambi kamodzi kokhala ndi timaluwa towerengeka, duwa lina lofota, masamba obooka, ndi kachipatso kongoyamba kumene. Mantha anamugwira. Kanthambi aka kakapita, basi kwatha.

Ulendo uno sanathamangire bulashi. Anakhala pansi pa mtengowo ndi galasi lokulitsa zinthu, n'kuyang'ana mpaka khosi kuwawa. Anayeza tsamba ndi rula. Anaona kuti duwalo lili ndi timizere tofiira mkati, timene pa zithunzi zake zonse zija sanationepo. Dzanja likafuna kutseka bowo la mbozi, ankaika bulashi pansi n'kuyang'ananso. Anajambula bowolo, duwa lofotalo ndi kachipatso komwe.

Mayi wa magalasi anapita nacho chithunzicho pamtengo, n'kuchiyandikitsa ku kanthambi kaja. Anayerekeza tsamba ndi tsamba, duwa ndi duwa.

"Uwu ndiye mtengo wathu," anatero. "Mawa mulawire. Mtengo wina wayamba maluwa kuseri kwa ofesi, ndipo sudikira munthu."

Lero bamboyu ali ndi tebulo lake pafupi ndi zenera, ndipo amabwezedwabe nthawi zina.

Tsono inu amene mwangobwezedwa kawiri n'kuyamba kale kulalika kuti anthu akukuchitirani nsanje, mumanditopetsa. Mwina wokubwezaniyo akunena zoona. Zimawawa, inde, koma bwererani mukayang'anitsitse mpata ukadalipo. Mtimawo musautaye.