Nkhunda za Odiel ndi Kabokosi ka Pakhonde

Odiel Vermeersch anagwira ntchito m'fakitale yoluka makapeti pafupi ndi tauni ya Kortrijk mpaka makutu ake anayamba kugontha ndi phokoso la makina. Atapuma pantchito anatsala ndi mkazi wake Godelieve komanso khola la nkhunda za mpikisano kuseri kwa nyumba, ndipo anthu a mumsewu wawo ankanena kuti nkhundazo ndiye zinkamva mawu ake ambiri kuposa mayiwo.

Anali munthu wosakhulupirira chinthu msanga. Chimanga cha nkhunda ankayamba wachinunkhiza asanagule. Adokotala akamupatsa mapiritsi, iye ankamwa theka n'kudikira aone ngati safa. Ngakhale mnansi wake Remi Dhondt, mnzake wa paubwana amene nayenso ankaweta nkhunda, ankamuyang'ana ndi diso limodzi. Ankamwera limodzi mowa Lamlungu lililonse, koma za m'khola lake Odiel sankaulula.

Kabokosi kanabwera chifukwa cha mdzukulu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Katrien, anakwatiwa ku Canada, ndipo atabereka, Godelieve anati watopa kumva mwana akulira pafoni, akufuna kumamuona nkhope. Kampani inatumiza mayi wina wa ovololo ya buluu amene anachotsa zakale zonse n'kuika kabokosi kamodzi koyera pakhonde la kuseri, pamene pamalowera waya wa TV. Anafotokoza kuti kabokosi komweko kalandira intaneti kuchokera mu wayamo, komweko kaimwaza m'nyumba monse, ndipo foni ya m'nyumba nayo izidzera momwemo.

"Mwati kaimwaza?" anafunsa Odiel. "Popanda waya?"

"Mumpweya basi, bambo. N'kamphamvu aka, mpaka kumunda kwanuko ifika."

Mayiyo ankaganiza kuti akumusangalatsa. Odiel anangosuzumira pawindo n'kuyang'ana khola lake, kenako n'kuyang'ana timagetsi tobiriwira tikuphethira pakabokosipo.

Dzinja lozizira litatha mipikisano inayamba, ndipo zinthu sizinayende. Nkhunda zimene kale akakazitulutsa ku France zinkadzagwera m'khola ngati mwala zinayamba kuzungulira m'mwamba osafuna kutsika. Zina zinkatera pamadenga a eni, zili njenjenje. Ziwiri sizinabwerenso. Odiel anasintha chakudya, anatsuka zomwera, anafukiza khola, koma ayi ndithu. Ndiye anakhala pansi n'kudzifunsa kuti chasintha n'chiyani pakhomo pano kuyambira chaka chatha. Yankho linali pakhonde, likuphethira.

"Nkhunda ili ndi kanthu m'mutu kamene kamailozera njira," anauza Remi ali pamowa. "Tsono ukadzaza mpweya ndi zinthu zosaoneka, ukuti kanthu kameneko katani?"

Remi anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe Odiel, nkhunda zako zakalamba ngati mwini wake, basi. Ine kabokosi ndili nako kalekale."

"Ndiye zako zikubwera bwino?"

"Zonse. Ngakhale imodzi yosowa."

Remi ananena zimenezi akuyang'ana mutambula. Odiel anaziona. Pobwerera kunyumba anasuzumira pampanda n'kupeza kuti kabokosi ka Remi kali pawindo la khitchini, kuyang'anizana ndendende ndi khola la Odiel. Mumtima anati, ahaa, ndiye mpikisano tikuchita chonchi tsopano.

Za kabokosi ka Remi sakanachitapo kanthu, koma kake anali nako mphamvu. Lamlungu m'mawa, tsiku la mpikisano, Godelieve akangotuluka kupita ku Misa, Odiel ankazula pulagi. Nkhunda zikalowa ankaibwezera mkazi wake asanafike. Sizinathandize kwenikweni, koma iye ankati mwina zikanaipa koposa.

Lamlungu lina kunagwa mvula ku France ndipo nkhunda anazitulutsa mochedwa. Odiel anakhala pabwalo tsiku lonse, khosi lili chagada, pulagi yaiwalika. Linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa mdzukulu. Godelieve anavala bulauzi yake yatsopano, anakhala pampando ndi tabuleti pamiyendo kudikira kuti Katrien aimbe. Tabuleti inali zii. Ananyamula foni, nayo zii. Atapita pakhonde anapeza pulagi ili pansi, kanthenga kotuwa kali pambali pake.

Anatuluka nako kanthengako atakatsina ndi zala ziwiri.

"Odiel, nkhunda zanu zayamba kuzula mapulagi?"

"Mwina ndi mphepo."

"Mphepo! Mwamuna wamkulu, imvi mbuu, kumanama ngati mwana woba shuga. Ine ndakhala ndikutukwana a kampani mumtima, kani wakuba ndikugona naye chipinda chimodzi!"

"Kakusokoneza mbalame zanga, Lieve."

"Kakusokonezani inuyo. Mukakagwiranso, nkhunda zanuzo ndiziphika ndi nsawawa, mudzadya osadziwa."

Odiel sanakagwirenso. Ndipo pa mpikisano wotsatira, kabokosi kali chiyakire, Mieke sanabwere. Mieke inali nkhunda yaikazi ya mawangamawanga imene inamupatsa chikho chokhacho chimene anali nacho pashelefu. Anaiyembekeza mpaka dzuwa kulowa akugwedeza chitini cha chimanga. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Akamadutsa pakhonde ankatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo Godelieve akamufunsa ngati afuna khofi wina, ankangoti, "Funsani kabokosi kanuko."

Nkhani inatulukira kutchalitchi. Atatha mapemphero, amayi anzake a Godelieve ankakambirana za akabawi awiri amene anamanga chisa pansanja ya belu. Gulu la okonda mbalame zakutchire linawakhomera bokosi kumeneko, n'kuikamo kamera kuti aliyense aziona anapiye ali kunyumba kwake. Godelieve atafika kunyumba anatsegula tabuleti. Anapiye anali atatu, oyera ngati thonje, ndipo iye anamwetulira. Kenako anaona zimene zinali mbwee pakona pa chisacho, kumwetulira konse kunatha.

"Odiel, tabwerani. Tengani magalasi."

"Sindiyang'ana zimenezo ine."

"Bwerani, ndatero."

Anabwera monyinyirika, n'kuwerama. Pakati pa nthenga ndi mafupa panali timiyendo ta nkhunda, timphete tozindikirira nkhundazo tidakali pomwepo. Kamwendo kena kanali ndi kamphete kachiwiri kofiira, kamene Odiel anaveka Mieke ndi manja ake. Akuyang'ana choncho kabawi wamkulu anatera, anapinda mapiko, n'kuyang'ana mu kamera ndi diso lakuda losaphethira.

Odiel anakhala pansi. Godelieve anayembekeza kuti akalipa, koma iye anangovula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali pamalaya.

"Kameneko kobiriwirako," anatero pomaliza, akuloza kamphete kena, "ndi ka Remi."

Anapita ndi tabuletiyo mpaka pampanda. Remi anayang'ana, nakanda m'mutu.

"Zonse zikubwera, eti? Ngakhale imodzi yosowa?" anatero Odiel.

"Zapita zambiri kuposa zako," anavomera Remi. "Ndimati mwina wandithirira mankhwala m'madzi iweyo."

"Ine? Chitsiru iwe!"

"Nanga umasuzumiranji pawindo langa?"

Anapita limodzi ku ofesi ya tauni atavala majekete a Lamlungu, kukapempha kuti akabawiwo awachotse. Kumeneko anawauza mwaulemu kuti kabawi amatetezedwa ndi lamulo, ndipo womukhudza akayankha kukhoti. Potuluka Odiel anati mkulu wa ofesiyo ayenera kuti ndi wachibale wa mphunzitsi amene amatsogolera gulu la mbalame lija, poti mphuno zawo n'zofanana. Mphunzitsiyo sanamupatsenso moni kuyambira pamenepo. Wansembe nayenso anamuika m'gulu la okayikitsa, popeza nsanjayo ndi yake. Za kabokosi sanapepese. Ankati kabawi ndi kabawi, koma palibe amene watsimikizira kuti kabokosiko n'kosalakwa.

Komabe tabuleti inayamba kusowa m'nyumba, ndipo Godelieve ankaipeza ili ndi fumbi la chimanga. Odiel anali atazindikira kuti kabawi akakhuta amakhala phee pachisa, chifuwa chili tuu, osalabadira chilichonse chouluka. Mipikisano sakanaisintha, koma nthawi yotulutsa nkhunda kuti ziwongole mapiko inali m'manja mwake. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la khola, dzanja limodzi pachitseko, maso pa tabuleti, Remi akudikira tsidya lina la mpanda.

"Bwanji kumeneko?" ankafunsa Remi.

"Dikira. Wamkaziyo sanabwere."

"Khofi wanga akuzizira, iwe."

"Azizire. Uyo watera. Wagwira kambalame kakuda, akudyetsa ana." Odiel ankadikirabe pang'ono, poti kamera nayo sankaikhulupirira kwathunthu. Kenako ankakuwa ndi mawu a munthu wogontha, omveka msewu wonse: "Akhuta! Tsegula!"

Zitseko ziwiri zinkatseguka pamodzi, nkhunda n'kukwera pamwamba pa madenga.