Achikhakhali ndi Chikepe Chamwano

Kuntchito ankamutchula kuti Chikhakhali, ndipo dzinalo silinkafunika kulifotokoza. Mayiyu akaseka, telala wa pansi pa ofesi yawo ankaimitsa makina n'kufunsa kuti kumwambako kwagwanji. Ofesiyo inali zipinda ziwiri zokha, ndipo munkagwira ntchito anthu ochepa opanga magemu a pakompyuta. Iye za mapulogalamu sankazidziwa. Yake inali kusewera gemu isanatuluke: kugunda makoma, kutsegula chitseko chomwechomwecho kambirimbiri, kuponya zinthu posayenera, kuti aone ngati pena pake pasokonekere.

Mu gemu imene ankapanga chaka chimenecho, wosewera sankadziona nkhope. Ankangoona manja ake ndi zimene zili kutsogolo, ngati kuti iyeyo ndi amene akuyenda. Ankakhala munthu wokolopa amene amutsekera m'nyumba yansanjika, ndipo chipinda chilichonse ankatulukamo ndi nzeru: kusanjikiza makatoni, kutembenuza galasi kuti kuwala kugunde pa loko, kunyengerera chikepe kuti chimukweze. Chikepecho chinkalankhula, koma mwano wokhawokha. Munthu akalakwitsa chinkati, "Musadandaule bwana, mopu yanu nayonso inayesapo kuganiza. Panopa ikupuma."

Wolemba nthabwalazo anali bambo wadazi, wamanyazi, amene desiki yake inayang'anizana ndi ya Chikhakhali. Ankangomuyang'ana pankhope. Akaseka, nthabwalayo inkatsala. Akapanda kuseka, inkafufutidwa tsiku lomwelo.

Chikhakhali ankakhala ndi mng'ono wake, namwino, m'nyumba ya zipinda ziwiri. M'mawa wina mng'onoyo anagwa m'bafa akukonzekera kuntchito. Pofika naye kuchipatala chomwe ankagwirako ntchito, anzake anangoyang'anana. Anali atapita kale.

Maliro atatha, Chikhakhali anabwerera kuntchito msanga kuposa mmene anthu ankayembekezera. Sankalira. Ankafika m'nthawi yake, kuvala mahedifoni, n'kuyamba kugunda makoma. Zolakwika ankazipeza zambiri kuposa kale. Chikepe chinkabwebweta m'makutu mwake, iye ali duu, mawuwo akungodutsa ngati wailesi ya kwa aneba.

"Achemwali, nthabwala iyi ya ambulera mwaimva?" anafunsa wolemba nthabwala tsiku lina.

"Ndaimva."

"Ndiye bwanji?"

"Mawu akumveka bwino. Sakuduka."

"Ndikutanthauza ngati ikuseketsa."

Chikhakhali anaganiza ndithu, chifukwa sankafuna kumunamiza. "Sindikudziwa, achimwene. Mwina."

Bamboyo anafufuta nthabwala zingapo sabata imeneyo, kenako anaona kuti akapitiriza chikepe chikhala chosalankhula. Anasiya kufunsa.

Masana ena, akukankha furiji ya m'khitchini ya mu gemuyo, Chikhakhali anapeza mpata pakhoma pomwe opanga sanalumikize bwino. Analowapo, ndipo anagwera kunja kwa nyumba yonse. Kunali mbee paliponse, kopanda pansi, kopanda denga. Manja okha ndi amene ankaoneka, atagwira mopu. Lamulo linali loti akapeza zotere anene pomwepo. Iye sananene. Tsiku lililonse akamaliza zipinda zake, ankapita kukakankha furiji ija n'kukhala kumeneko, manja ali pamiyendo.

Wolemba nthabwala, podutsa ndi kapu yake, anaima kumbuyo kwake.

"Kumeneko ndi kuti?"

"Kunja."

"Kuli chiyani?"

"Kulibe kanthu."

"Chikepe changa sichifikako?"

"Sichifika."

Bamboyo anayang'ana sikirini yoyerayo kanthawi, n'kupita. Anabwera ndi tiyi, anamuikira pambali pa kiyibodi, ndipo sanauze munthu. Koma wolemba mapulogalamu anadzaupeza yekha mpatawo n'kuutseka. Lolemba lake Chikhakhali anakankha furiji, n'kupeza khoma lili gwa. Anakankhanso. Kenako anadzuka n'kukauza bwana kuti khitchini tsopano ili bwino.

Gemu inatuluka ndipo anthu anaikonda. Bwana, mayi wachangu wolankhula akuyenda, ankawerenga mokweza zimene osewera ankalemba pa intaneti. Ambiri ankatchula nthabwala ya ambulera, ena akuti analavula tiyi pa kompyuta. Ofesi yonse inaombera m'manja wadaziyo, amene anabisa nkhope m'manja. Chikhakhali nayenso anaomba, ndipo anasiya pamene ena anasiya.

Pambuyo pake bwana anamuitanira pakhonde. "Mukafuna kupuma masiku angapo, nenani. Mpando wanu palibe aukhale."

"Ndikapume kuti, bwana? Kunyumba?"

Bwanayo anangobwerera mu ofesi.

Loweruka mayi ake anabwera kudzatenga zovala za malemu. Anakhala pabedi, anatenga yunifolomu yoyera n'kuikumbatira, misozi ili chuchuchu. "Iwe, sukulira bwanji? Anali mnzako yekhayo ameneyu."

"Ndikudziwa, amayi."

Chikhakhali anapita kukafuna thumba lalikulu, chifukwa nsapato sizinkakwana m'sutikesi. Anawaperekeza pokwerera basi, anaonetsetsa kuti apeza mpando wa pawindo, ndipo anabwerera wapansi.

Chikhakhali akugwirabe ntchito pamwamba pa telala paja. Gemu yatsopano ndi ya munthu wosochera m'sitima yapamadzi, ndipo nthabwala zake wadazi uja amaziyesera pa mtsikana wa maakaunti, amene amaseka chilichonse. Anthu atsopano amamva akuitanidwa kuti Achikhakhali, n'kumaganiza kuti ndi dzina lomunyogodola chifukwa cha kufatsa. Iye amangoyankha kuti, "Wawa," n'kuchotsa hedifoni imodzi.