Bambo Anga ndi Mpando wa Galimoto Yofiira

Bambo anga ankasoka mipando ya galimoto. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa garaja, pamene msewu wathu umakhotera. Munkanunkha guluu ndi chikopa, ndipo pansi pankakhala tizidutswa ta siponji tomwe tinkamatirira ku nsapato mpaka kunyumba. Amakaniko a m'garajamo ankawatchula kuti a Singano, chifukwa pakolala ya ovolosi yawo sipankasowa singano yokhota, ngakhale popita kogula buledi.

Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo ine ndinatengera iwowo. Nditamaliza sekondale ndinkakhala nawo m'shopumo, ndikuwagwirira nsalu akamadula. Tinkatha kukhala mpaka dzuwa kupendeka osalankhulana, kumangomveka makina osokera.

Anali ndi malamulo awo. Munthu akaimika galimoto pakhomo pa shopu n'kukoleka makiyi pa msomali wa pachitseko, bambo sankafunsa zambiri. Ankatenga sipanala, kumasula mpando wotha, kuunyamulira mkati, ndipo mwini wake pobwera ankapeza ntchito ili pakati. Lamulo lina linali lakuti sankakhala pa mpando wa kasitomala. Ankauyesa ndi chikhatho, kuudinikiza uku ndi uku, kenako n'kuuphimba ndi pulasitiki. "Ovolosi yanga ili ndi guluu," ankatero. "Woyamba kukhalapo akhale mwini wake."

Kunyumba nakonso anali wophimba zinthu. Amayi ankakonda kuwagulira mphatso: malaya abuluu, wotchi, lamba, mafuta onunkhira. Bambo ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, kuitembenuza mphatsoyo kuona mmene anaisokera, n'kukaitsekera m'sutikesi ya pamwamba pa kabati.

"Inu abambo, malaya aja ndinagulira inu kapena sutikesi?" amayi ankafunsa.

"Ndidzavala tsiku labwino."

"Tsiku labwino lake liti? La maliro anu?"

"Apo ndiye ndidzatchena. Anthu adzaiwala kulira."

Amayi ankaseka, koma ndinkawaona akulowa kukhitchini n'kumatsuka mbale zotsukatsuka kale. Ankafuna, ngakhale kamodzi kokha, kuona mwamuna wawo akudyerera chinthu chimene iwo amupatsa.

Panali galimoto imodzi imene bambo ankaikonda. Inali ya dokotala wa mano, yofiira, ya mipando iwiri basi, yaifupi yondifika m'chiuno, denga lake lochita kupinda kumbuyo. Ikalira, magalasi a shopu ankanjenjemera. Mipando yake anaisoka ndi bambo kalekale ine ndili wamng'ono, ndi chikopa choyera ndi ulusi wofiira, ndipo nthawi ndi nthawi inkabwera kuti aone ngati pena patumbuka. Tsiku lotero bambo ankafika kunyumba ali ndi nkhani. Ankafotokoza kukhota kwa mpando wake, mmene umagwirira munthu m'nthiti kuti asatayike pokhota, mpaka chakudya kuzizira.

"Mkazi mnzanga wabweranso lero?" amayi ankatero. "Mumuuze adzakuchapireniko ovolosi."

M'zaka zonsezo bambo anali asanakhalemo. Kuntchito ankapita pa njinga.

Chaka chimene maso awo anayamba kufooka, singano n'kumawazemba polowetsa ulusi, anati atseka shopu. Nthawi yomweyo amakaniko anatiuza kuti dokotala uja wagulitsa galimoto yake, ndipo Loweruka masana kubwera lole kudzainyamula. Bambo anangoti, "Chabwino, ikaone kwina," n'kupitiriza kudula siponji. Madzulo ake sanamalize tiyi wawo.

Mawa lake amayi ananditenga ulendo wa kwa dokotalayo, mano awo ali bwinobwino. Anakhala pa mzere ngati wodwala aliyense, atagwira tsaya. Atawagoneka pa mpando n'kuwauza kuti ayasamule, iwo anadzuka.

"Adokotala, dzino silikupweteka. Ndine mkazi wa a Singano. Ndabwera kudzapempha galimoto."

Ine ndinayang'ana pansi. Amayi anafotokoza zonse, za sutikesi zomwe. Dokotala anavula magolovesi akuseka mpaka kutsokomola, ndipo anati Loweruka m'mawa abwera kudzawatenga bambo, akawayendetse mpaka kunja kwa tauni kumene msewu uli wowongoka.

"Koma musawauze," amayi anatero. "Akadziwa athawira kwa mbale wawo."

Loweruka bambo anapita kushopu ngati masiku onse. Atangotuluka, amayi anakwera pa mpando n'kutsitsa sutikesi. Malaya abuluu anali akadali m'pepala lake, mizere ya mopindamo itachita kuuma. Anawasita nthawi yaitali. Anatulutsanso chipewa chotuwa chimene anawagulira chaka chatha, n'kuchipukuta ndi mkono wa diresi. Iwonso anavala diresi ya ku ukwati wa achemwali anga, ngakhale ankadziwa kuti m'galimotomo mulibe malo awo.

Titakhota pa garaja tinaiona galimoto ija ikuwala pakhomo pa shopu. Chitseko cha mbali ya wokwera chinali chotsegula. Mkati, pamene pamayenera kukhala mpando, panali mabowo a mabawuti.

Dokotala anali atafika msanga. Poona kuti amayi sanabwere, anachita zimene ankachita nthawi zonse: anakoleka makiyi pa msomali n'kupita kukameta. Bambo nawo anachita zimene ankachita nthawi zonse. Tinawapeza atagwada pansi, mpando uli chagada, chikopa cha kumsana atachisenda mpaka pakati.

"Mwabwera bwino," anatero osadzutsa mutu. "Siponji ya apa yafota. Galimotoyi singapite kwa anthu ili chonchi, angati anasoka ndani."

Amayi anaima pakhomo, malaya ali pa mkono.

"Inu abambo, wakutumani ndani?"

"Makiyi anali pa msomali."

"Mpando umenewo unali woti mukhalepo inuyo. Lero. Ndinakapempha ine."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana diresi, malaya, chipewa chimene ndinanyamula ine, kenako mpando uja uli pansi ngati mbuzi yosendedwa. Makaniko wamkulu, amene ankasuzumira pazenera, anabwerera m'garaja atagwira pakamwa.

"Bwanji osandiuza?" bambo anafunsa chapansipansi.

"Ndikanakuuzani mukanapezeka?"

Amayi anapachika malaya pa msomali womwe uja, misozi ili lengelenge m'maso, n'kunena kuti basi, zakanika, lole ikubwera masana. Anayamba kutuluka.

"Amayi ake," bambo anaitana. Anasolola singano pakolala n'kuwapatsa. "Tandilowetserani ulusi. Wofiirawo."

Sindinawaonepo akusoka ngati tsiku limenelo. Siponji yatsopano anaidula osayeza. Amayi anakhala pa chitini cha guluu ndi diresi yawo ya ku ukwati, akulowetsa ulusi m'singano ina bambo asanamalize woyamba, ine nditagwira chikopa kuti chisaterereke. Dokotala atabwera, mutu ukuwala, anaona zonse n'kukhala pakhomo kumaseka.

"A Singano, ine ndikamazula dzino ndimayamba ndafunsa kuti likupweteka ndi liti."

"Inu odwala anu amalankhula, adokotala. Mpando sulankhula."

Dzuwa linafika pamutu, kenako linapendeka. Lole ija inafika amakaniko akumanga bawuti yomaliza, ndipo dalaivala wake anati ulendo ndi wautali, sangadikire. Dokotala anapita naye pambali, analankhulana, n'kubwera kudzati kunja kwa tauni sikutheka, koma mpaka pa mlatho n'kubwerera zitheka.

Bambo analowa kuseri kwa chitseko n'kutuluka atavala malaya abuluu. Anali atawathina pang'ono m'mimba, poti anagulidwa kale. Amayi anawaveka chipewa. Ndiye bambo, mwa chizolowezi, anatambasula dzanja kutenga pulasitiki yoti ayale pa mpando. Amayi anaigwira mbali ina. Anakokerana pang'ono mpaka bambo anaisiya.

Kukhala kwake kunali kovuta, poti galimotoyo inali pansi kwambiri ndipo mawondo awo anali atatopa. Anatsitsa thupi pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Atafika, anatsamira, n'kutseka maso. Ndinaona zala zawo zikuyenda pa msoko umene anali atangomaliza kumene.

Dokotala anapinda denga, analiza injini, ndipo anapita. Ine ndi amayi tinatsala pakhomo pa shopu tikumvetsera kulira kwake mpaka kunazimiririka kuseri kwa nyumba. Amayi ankapotokola pulasitiki ija m'manja.

"Mwina akuwauza kuti achepetse liwiro," anatero. "Ndimawadziwa ine."

Dalaivala wa lole ankayenda uku ndi uku, akuyang'ana kumsewu. Bambo ndi dokotala anachedwa kuposa mmene tinkayembekezera. Pobwera tinayamba kumva phokoso, kenako galimoto inakhota pa garaja, amakaniko onse ali panja. Bambo anali m'mutu mopanda kanthu, imvi zitaima, maso akutuluka misozi ya mphepo, kolala ya malaya itatembenukira m'mwamba. Kutuluka kunawakanika. Amayi anawagwira manja onse awiri n'kuwakoka, ndipo ataimirira sanawasiye msanga.

"Chipewa chili kuti?" amayi anafunsa.

"Chauluka pa mlatho."

"Chatsopano chija? Simunaime kukatola?"

"Adokotala amafuna kuima," bambo anatero, akupumira m'mwamba. "Ine ndawauza kuti aponde moto."