Vinyo wofiira samizidwa mu ayezi

Amalume, lero pa phwando kuno ku yunivesite ndaona vinyo wofiira atamizidwa mu ayezi, ndipo ndinatulutsa foni kuti ndikuuzeni. Inaitana kawiri ndisanakumbukire kuti tinakuikani m'manda Loweruka lapitali. Mutu wanga ukukanabe.

Pa chinkhoswe cha achemwali ku Kaduya munavuula botolo la wofiira m'chidebe cha ayezi, n'kulikulunga m'nsalu yonyowa pamthunzi. Munati woyera ndiye wa ayezi, wofiira amangofuna kamphepo. Ine, pamaso pa alendo, ndinati: "Zaka zonse zija mukutumikira azungu ku hotela, munabwerako ndi ukapolo umenewu?" Munangondipatsa tambula: "Mphwanga, lawa kaye, utsutse bwino." Ndinakana. Ndinkati ndidzapepesa pa tchuthi. Tchuthicho chikuyamba Lachisanu, amalume. Ndikapepesa kwa ndani?