Ubatizo wa Fatsani Umene Sindinatsirize

Ndikukumbukira dzinja limene madzi analowa m'nyumba zathu ku komboni ya Kanyama mpaka kufika m'akakolo. Ndinali ndi zaka khumi. Pansi pa Kanyama pali mwala wokhawokha, choncho mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Amangoima m'njira, obiriwira, osakanikirana ndi za m'zimbudzi zosefukira. Tinkayenda modumphira pa njerwa ndi matayala akale amene anthu ankaponya m'matope, ndipo fungo la madziwo linkatsalira m'zovala ngakhale utachapa kawiri. Sukulu anali atatseka chifukwa cha matenda otsegula m'mimba, ndipo mlungu uliwonse tinkamva kuti kwa akutiakuti kwagwa maliro.

Zinali zaka zija zinthu zinkasowa m'masitolo. Ufa, sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere. Atate anali atachotsedwa ntchito ku fakitale, ndiye ankapita kukaphwanya miyala kumalire a komboni, n'kubwera madzulo tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Amayi ntchito yawo inasanduka kuima pamizere. Ine ndinkatsala pakhomo ndi mlongo wanga Fatsani, khanda la miyezi isanu ndi iwiri, lonenepa masaya, lokonda kundikoka khutu ndikaliberekera kumsana.

M'nyumba mwathu munali mipingo iwiri. Amayi ankapemphera kumene amabatiza makanda powathira madzi pamutu. Atate ankapemphera kumene amabatiza akuluakulu okha, powamiza thupi lonse mumtsinje. Ineyo ndinabatizidwa ndili khanda kumudzi ku Katete atate ali ku tauni, ndipo nkhaniyo sanaiiwale. Ankati anandibera ubatizo ngati nkhuku. Pa Fatsani anakaniratu. Ankati mwana alibe tchimo loti alape, adzasankha yekha akadzakula. Amayi ankangofunsa kuti nanga akapanda kukula, ndipo atate ankawadzudzula kuti asamaitane tsoka ndi pakamwa. Mkanganowo unkatha choncho, kenaka n'kuyambiranso Lamlungu lotsatira, aliyense akusita zovala zopita kumpingo wake ndi simbi imodzimodzi.

Loweruka lililonse ndinkapita ku katekisimu kwa a Sakala, bambo wamtali wowonda amene ankavala jekete ngakhale kutentha. Sanali munthu woopsa. Koma tsiku lina anatiphunzitsa kuti ubatizo ndiwo khomo, ndipo wosabatizidwa sangaone nkhope ya Mulungu. Mnzanga wina anafunsa za makanda. A Sakala anati makanda sapita kumoto, chifukwa sanalakwe, koma akuluakulu a kale ankaphunzitsa kuti ali ndi malo awoawo, kunja kwa khomo. Ine ndinafunsa ngati kumeneko kuli azimayi. A Sakala anandiyankha kuti iwo sakudziwa.

Yankho limenelo ndilo linandidwalitsa. M'mutu mwanga ndinamanga chipinda chachikulu chopanda zenera, chodzaza ndi makanda ogonekedwa pansi, onse akulira, popanda ndi mmodzi yemwe wowanyamula. Ndikamayang'ana Fatsani akuyamwa chala, ndinkamuona ali m'chipindamo.

A Sakala anatiuzanso kuti munthu akakhala pafupi kufa ndipo wansembe palibe, aliyense angathe kubatiza, ngakhale mwana. Chofunika ndi madzi, kuthira katatu pamutu, ndi kunena mawu onse osadumpha ngakhale limodzi. Ndinawaloweza mawuwo kuposa matebulo a masamu. Ndinkayeserera pa abakha a bana Chanda, mayi wa ku Kasama amene tinkakhala naye khomo ndi khomo. Abakha okha ndiwo ankasangalala ndi dzinja limenelo, ndipo ndikhulupirira kuti panalibe bakha pa Kanyama wobatizidwa kambirimbiri ngati wamkazi wamawangamawanga uja, yemwe anali wosavuta kugwira.

Fatsani anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri masana. Amayi anafuna kumupangira madzi a mchere ndi shuga, koma shuga munalibe m'nyumba, ndipo kwa anansi kunalibenso. Lachitatu m'mawa anaoneka ngati wapezako bwino, anayamwa pang'ono n'kugona. Nthawi yomweyo kunamveka kuti ufa wafika kusitolo, ndipo ife tinali titagona masiku awiri ndi mbatata zokha. Amayi anaima pakhomo akuyang'ana mwana, akuyang'ana njira. Potsiriza anamanga chitenje n'kundiuza kuti sachedwa, ndipo chilichonse chikachitika ndithamangire bana Chanda.

Dzuwa litakwera, Fatsani anadzuka n'kusanza. Ndinamupukuta. Anatsegulanso, madzi okhaokha, kawiri motsatizana. Ndinamunyamula ndipo ndinamva kuti wapepuka. Liwombo lake linali litalowa m'kati moti ukanaikapo chala. Maso anabwerera m'mutu, milomo inauma, ndipo polira ankangotsegula kukamwa, mawu osatuluka, misozi osatuluka. Khutu langa linali pafupi ndi dzanja lake koma sanalikoke.

Ndikanayenera kuthamangira bana Chanda monga anandiuzira amayi. Khomo lawo linali masitepe khumi okha. Koma m'mutu mwanga simunabwere bana Chanda kapena chipatala. Munabwera chipinda chija.

Ndinamugoneka pabedi, lomwe atate analikweza pa njerwa chifukwa cha madzi a pansi. Ndinatunga madzi m'kapu ya pulasitiki kuchokera mumphika wa madzi owiritsa, amene amayi ankatiletsa kuwaseweretsa popeza makala ankavuta. Ndinafulumira nayo moti theka linatayikira m'njira. Ndinabwerera kukatunganso. Kenaka ndinaima pambali pa bedi, mapazi ali m'madzi ozizira, mantha atandigwira mbali zonse. Ndinkaopa atate. Ndinkaopa kuti ndikamubatiza ndiye kuti ndavomereza kuti akufa, ndipo afadi. Ndinkaopa kulakwitsa mawu. Ndinawabwereza chamumtima kamodzi, kawiri, mwina kasanu. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Funso limeneli ndakhala nalo moyo wanga wonse.

Ndinakweza kamutu kake ndi dzanja lamanzere. Kanali kotentha ngati mwala wa padzuwa. Ndinathira koyamba.

“Fatsani, ine ndikukubatiza m'dzina la Atate.”

Madzi anatsikira m'makutu mwake ndipo anaphethira. Ndinathira kachiwiri.

“Ndi la Mwana.”

Chitseko chinatseguka. Anali bana Chanda, atagwira chigoba cha chitini, akudzapala moto. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, chitini chinagwa.

“Iwe Neliya, manzi yafunika mukamwa, osati pamutu!”

Anamutsomphola m'manja mwanga, kapu inagwera m'madzi a pansi n'kuyamba kuyandama. Ndisanatsegule pakamwa anali atamuponya kumsana, akumanga chitenje ali kuthamanga. Anakuwira mayi wina kuti akaitane amayi kumzere wa ufa. Ine ndinkawatsatira pambuyo, osasamalanso za njerwa, ndikungodula m'madzi momwemo. Mawu otsala aja anali pakamwa panga njira yonse, koma a Sakala anati mawu amayendera limodzi ndi madzi, ndipo madzi amene anatizungulira sanali oti n'kuthira pamutu pa munthu.

Kuchipatala kunali anthu ogona pakhonde ndi pansi pa mitengo, ndipo kunkanunkha mankhwala ophera tizilombo. Namwino atangoona Fatsani anamulowetsa osadikira mzere. Ine anandisiya panja. Ndinaona amayi akubwera chothamanga, kathumba ka ufa kadakali pamutu, chifukwa anaiwala kuti asenza kanthu. Analowa nako momwemo. Dzuwa litapendeka ndinamva kulira kwawo, ndipo ndinakuzindikira pakati pa kulira kwa anthu ena onse.

Anamwino anati sanali matenda oopedwa kwambiri aja amene anatseketsa sukulu, choncho anatilola kutenga mtembo. M'mawa mwake anthu anasonkhana pakhomo, atakhala pa njerwa ndi pa zidebe zovundikira. A mpingo wa atate anakhala mbali ina, a mpingo wa amayi mbali ina, ndipo nyimbo zinkasinthanasinthana mwaulemu koma mozizira. Bana Chanda anali atauza amayi kuti anandipeza ndikuthira mwana madzi pamutu. Amayi anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Aliyense wobwera kudzawapepesa ankamuuza kuti mwana wawo wapita wobatizidwa, mlongo wake anamubatiza. Ine ndinkamva ndili kuseri kwa chitseko.

A Sakala atafika anapempha kuti alankhule nane, pamaso pa atate ndi amayi, kuti adziwe mapemphero oyenera kuchita. Tinapita kuseri kwa nyumba, pamene panali kamtunda kouma. A Sakala anagwada kuti tilingane, n'kundifunsa mofatsa ngati ndinathira madzi pamutu penipeni. Ndinavomera. Anafunsa ngati anali madzi enieni, osati tiyi kapena phala. Ndinavomera. Kenaka anati ndinene mawu amene ndinanena, monga momwe ndinawanenera.

Ndikanatha kunama. Panalibe wina amene anamva, ndipo bana Chanda sankadziwa kuti mawuwo ndi angati. Ndinayang'ana amayi, maso awo otupa ali pa ine. Koma ndinaganiza kuti ndikanama, anthu onse aleka kumupempherera poyesa kuti ali pabwino, iye ali m'chipinda chija. Ndinanena mpaka pa Mwana, n'kukhala chete.

A Sakala anadikira. “Pitiliza, mwana wanga.”

“Ninasilizila pamene apo. Bana Chanda banamutenga.”

Amayi anakhala pansi. Sanalire mokweza. Ankangogwedeza mutu, akubwereza dzina la Fatsani. A Sakala anavula chipewa n'kuyamba kuchizunguza m'manja. Anati nkhani yotere iwo sanakumanepo nayo, iyenera wansembe, ndipo wansembe anali kutali. Ndinaona kuti nawonso akuchita mantha, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse.

Ndinkadikira mbama ya atate. Chiyambire dzulo lake anali asanandilankhule. Ndinali nditachita chinthu chimene analetsa, ndiponso ndinachichita mosatsiriza. Anayandikira, n'kuika dzanja lawo lokhakhala ndi miyala pamutu panga.

“Wakamba ati unasilizila pali ndani?”

“Pali Mwana.”

“Ba Sakala,” anatero atate, “ine na imwe sitimvelana pali vambili. Koma uyu anamupeleka mpaka pali Mwana. Nanga Mwana wamene uja angamusiye panjila? Si ndiye anakalipila bantu bake pamene benze kuingisa bana?”

A Sakala analeka kuzunguza chipewa. Kenaka anati chimene akudziwa n'chakuti mtsikanayu anafuna, mayi ake anafuna, ndipo Mulungu saona madzi okha. Anati zotsalazo sangaziyankhe, koma mapemphero achita onse. Anavala chipewa, n'kuthandiza atate kudzutsa amayi.

Fatsani tinakamuika kumanda a cha ku Chunga, m'kabokosi kamene atate anakhoma okha ndi matabwa a shelefu yathu. A Sakala anapemphera, mkulu wa mpingo wa atate anapempheranso, ndipo palibe anatsutsa mnzake. Pamene ankakwirira kunayamba kuwaza mvula. Ndinaona madontho akugwera pa bokosi, ndipo ndinanong'ona msangamsanga kuti, “Ndi la Mzimu Woyera.” Sindinadziwe ngati zikuwerengedwa.

Mawu a atate anatonthoza amayi, koma ine sanandichotsere mantha tsiku limenelo. Kwa zaka zambiri ndinkanong'ona mawu anayi aja paliponse pamene ndaona madzi akuthiridwa, potunga pampopi, potsuka mbale, posambitsa ana anga amene ndinadzabereka pambuyo pake. Nditakula ndinafunsa abusa ndi ansembe angapo. Ena anati ubatizo ndi wofunika ndithu, koma Mulungu samangidwa ndi chimene anatilamula ife. Ena anati chopulumutsa ndi chikhulupiriro, madzi ndi chizindikiro chabe. Wina anandiuza mosabisa kuti ubatizo wanga uja sunali wokwanira, koma chifundo n'chokwanira. Za nthawi imene ndinataya nditaima ndi kapu m'manja, namwino wina anandiuza kuti mwana wofika pamene anafika Fatsani kawirikawiri amakhala atapita kale. Ndinamuthokoza, ngakhale sindikudziwa ngati ankanena zoona kapena ankangondimvera chisoni.

Masiku ano zinthu zinasintha. Adzukulu anga amapita ku katekisimu ndipo sabwerako ndi nkhope ngati imene ndinkabwera nayo ine. Amaphunzitsidwa kuti makanda otere timawasiya m'manja mwa Mulungu ndi chiyembekezo. Mipingo nayo yachuluka, msewu uliwonse uli ndi wake, ndipo pa wailesi amakanganabe za madzi ochepa ndi madzi ambiri. Ndikawamva sindikwiya. Ndimangodziwa kuti ambiri mwa iwo sanayambe anyamulapo funsolo m'manja likupuma.

Chaka chatha ndinapita ku Chunga ndi mwana wanga wamkulu kukafuna manda a Fatsani. Kachitsulo kamene atate analembapo dzina ndi penti kanadyedwa ndi dzimbiri kalekale, mtengo umene tinkazindikirira unadulidwa, ndipo manda atsopano anadzaza mpaka m'tinjira. Tinazungulira mpaka miyendo inatopa. Amayi ndi atate, amene akanatilozera, onse anatisiya. Pobwerera m'basi mwana wanga ankandipepesa, koma ndinadabwa kupeza kuti mtima wanga uli m'malo. Ife a m'banja mwake tinataya malo amene tinamugoneka. Sindikhulupiriranso kuti Mulungu amataya mwana ngati mmene timatayira ife.