Mamba a Nsomba mu Sinki ya Boma

Amuna anga atapatsidwa nyumba ya boma ku Salima, chimene ankanyadira kwambiri sichinali malata kapena simenti, koma sinki ya kukhitchini. Mlendo asanakhale n'komwe pansi, ankatengedwa kukaiona. Ankatsegula mpopi, madzi n'kulowa pakabowo, iwo n'kutembenuka ngati madziwo awalenga okha. "Mwaona? Imameza chilichonse, osasiya chizindikiro." Masiku amenewo a chipani chimodzi zambiri zinkamezedwa choncho, ngakhale anthu, ndipo wofunsa kumene zapita anali wotopa ndi moyo. Alendo ankangoti, "Zoonadi, chitukuko."

Bambowa anali kalaliki, komanso mkulu wa mpingo, wovala tayi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ine ndine mwana wa msodzi wa ku Senga Bay, ndipo sankalola kuti ndiiwale zimenezo. Kwa iwo ife a kunyanja tinali mbuli, okhulupirira zithumwa, onunkha usipa. Sinki yawoyo ine sindinkaikhudza. Poto amayera ndi mchenga ndi phulusa, munthu utakhala pansi panja, osati utaima chilili kuyang'ana khoma ngati mwana wolangidwa kusukulu.

Tsiku lina sinki inakana kumeza. Madzi anangoti ndundundu, akuda, fungo lake losaneneka. Amuna anga anathiramo madzi otentha, ayi ndithu. Anatokosa ndi waya wa hang'ala, waya n'kupindika. Anapemerera pakabowo ndi pakamwa, abale inu, munthu wa tayi, madzi n'kuwathovukira kumaso. Mkwiyo wonse unagwera ine.

"Ndi mamba a nsomba zako! Ndinakuuza kuti muno si pagombe!"

Ndinalumbira kuti nsomba ndimapalira kuseri kwa nyumba, koma ndinkangotaya malovu. Kuitana wokonza mapaipi wa boma sankafuna, poopa kuti akalembedwa kuti awononga katundu wa boma. M'malo mwake anaitanitsa amalume awo a ku Maganga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anati Loweruka sinki itsegulidwa amalume akuona, ndipo mukapezeka mamba ngakhale amodzi, ndibwerera kwathu tsiku lomwelo. Ndinali ndi khanda la miyezi isanu kumsana. Ndinachita mantha, sindinama. Ndinamangiratu zovala zanga m'chitenje, n'kumaganiza kuti mayi ndikawauza chiyani, kuti ukwati wathera m'paipi?

Amalume anafika pa njinga masana, thukuta lili kamukamu. Anapatsidwa mpando kukhitchini komweko ngati woweruza. Tsoka lake, palibe mwa amuna awiriwo amene ankadziwa potsegula pake. Amuna anga anagogoda paipi ndi supuni, n'kutchera khutu ngati adokotala. Amalume anati mwina tithiremo palafini.

Mtima unandiwira. Ine ndinakula ndikugwirizira bambo anga akamamasula injini ya boti, ndipo chinthu chomangidwa ndi munthu sichindiopsa. Ndinabwereka sipanala kwa wokonza njinga pamsewu, n'kutchera ndowa pansi pa sinki, pamene paipi imapindika ngati chigongono. Ndinati ngati ndikupita, ndipite nditaona ndi maso anga chondipitikitsacho. Ndinapotokola kawiri, katatu, chigongono chija n'kumasuka.

Khuthu! Zinatsikira m'ndowa. Ndinapisamo dzanja n'kuyamba kuyala pansi chimodzichimodzi. Mizu yoduladula. Makungwa ofiira. Timikanda toyera. Kansalu kakuda komanga mfundo zitatu. Mamba ndinawafunafuna, mpaka kusefa madziwo ndi sefa wa ufa, koma analibemo ngakhale a kausipa.

Amalume anatola khungwa limodzi, n'kulinunkhiza. "Mphwanga, kodi nsomba ya makungwa imeneyi imagwidwa nyanja iti?"

Mkulu wa mpingo anayang'ana nsapato zake. Atapanikizidwa, anaulula ndi mawu a mwana wogwidwa akuba shuga. Kuofesi kunali mpando wa kalaliki wamkulu wopanda mwini, ndipo sing'anga wina anawapatsa mankhwala oti azisamba kumaso m'mawa uliwonse kuti bwana aziwaona bwino. Bafa lathu linali panja, moyang'anana ndi nyumba za anzawo a kuntchito, ndiye akanawaona. Choncho ankasambira musinki ine ndili kosesa pabwalo, zotsala n'kuzikankhira pakabowo ndi chala. Ankakhulupiriradi ndi mtima wonse kuti paipi ya boma imameza chilichonse.

"Nanga bambo," ndinafunsa mwaulemu, nditagwada bwinobwino, "basi ya ku Senga Bay ndikwere ya nthawi yanji?"

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Amuna anga anangoti, "Amalume atopa, aphikireni tiyi."

Ndinatsuka chigongono chija, n'kuchibwezera, n'kumanga. Madzi anayenda. Mizu ija sindinataye. Ndinaiyanika pathandala, pambali pa mapoto anga, poonekera aliyense wodutsa. Akazi a makalaliki anzawo akafunsa kuti n'chiyani, ndinkayankha kuti ndi mamba a nsomba za kwathu. Mpando wa kuofesi uja unapita kwa mnyamata wina wodziwa taipi, ndipo alendo sanaonetsedwenso sinki.

Ndimaseka ndikamakamba nkhaniyi, koma pansi pamtima zimandiwawabe. Munthu ameneyu anali wokonzeka kundipitikitsa ndi khanda kumsana chifukwa cha nyansi zake zomwe. Tinakhala limodzi zaka zambiri pambuyo pake, ana n'kukula, nyumba ija n'kubwezedwa ku boma. Tsiku lililonse ndinkadikira mawu amodzi okha, akuti pepani. Amenewo anatsekeka pakhosi pawo mpaka kumanda, ndipo sipanala yake ndinalibe.