Kompyuta imene inanamizira a Makwinja

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira. Iwo ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha sekondale ina yapulayiveti ku Mitundu, ndipo anamva eni sukulu akudandaula kuti agula kompyuta koma palibe woigwiritsa ntchito. Pofika kunyumba anangoti, "Si unaphunzira kutayipa kutchalitchi iwe? Mawa uvale siketi yakuda ija." Ndinaphunziradi pa tayipi ya ku parishi, n'kuwonjezera kakosi kakafupi ka kompyuta m'tauni. Zimenezo zinakwanira.

Inali nthawi imene matipate anali atakhazikika, ndipo aliyense wokhala ndi denga ndi choko ankatsegula sukulu. Eni ake a yathuyi, a Nkhoma, kale ankagula fodya kwa alimi, moti makalasi athu anali mashedi akale. Uphunzitsi sanauchitepo, koma ankafuna tiziwatcha Adayirekitala. Kompyutayo anaigula yakale, naifunditsa chitenje chatsopano, ndipo mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa iyo asanaone mwana wasukulu n'mmodzi yemwe.

Ine ndinkatayipa mafunso a mayeso n'kuwasunga pa disiketi, kachimbale kosungirapo mafayilo. Posindikiza ndinkachotsa riboni mu pulinta kuti singano zake ziboole stensulo, kenako stensuloyo ndinkaikulunga pa makina a inki opukusa ndi dzanja. Ntchitoyi inkandiyenera, chifukwa sinkafuna zolankhula zambiri.

Chaka chimenecho sukulu yathu inagwirizana ndi ina ya ku Nathenje kuti ana a Fomu 4 alembe mayeso oyeserera ofanana, tsiku limodzi. Pepala la masamu linakonzedwa ku Nathenje. Poopa kuti lingatuluke nthawi isanakwane, analikiya ndi pasiwedi, mawu achinsinsi amene ukapanda kuwalemba fayilo sitseguka, ndipo anagwirizana kuti mawuwo asalembedwe papepala. Amene anatumidwa kukatenga disiketi, pasiwedi n'kuisunga m'mutu, anali a Makwinja, mphunzitsi wathu wa masamu. Anali mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, munthu wopanda wachibale ku Mitundu, ndipo Loweruka ankamwako pang'ono monga anzawo onse.

Anafika ndi disiketiyo m'mawa, mayeso ali mawa lake. Ndinailowetsa, ndinasankha fayilo, kompyuta inapempha pasiwedi. A Makwinja anawerama n'kundinong'oneza kuti, "mbatata." Ndinalemba. Pasikirini panatuluka kabokosi kotuwa ka mawu a Chingerezi, kakuti pasiwedi ndi yolakwika, fayilo singatseguke. Pansi pake panali batani limodzi lokha, lovomereza. Ndinayesanso ndi zilembo zazikulu, kenako zazing'ono. Kabokosi komweko.

A Nkhoma anandikankha pampando. "Choka iwe, zala zako n'zazitumbuwa." Analemba okha ndi chala chimodzi, akusakasaka chilembo chilichonse ngati nkhuku yotola mapira. Zitakanika anatembenukira a Makwinja.

"Aphunzitsi, mwaiwala."

"Bwana, munthu angaiwale bwanji mbatata?"

"Ndiye mukuti wabodza ndi kompyuta? Kompyuta simwa kachasu, a Makwinja."

Mawuwo anawalankhula chitseko chili pululu, ana a Fomu 4 ali pakhonde. Sanalekere pomwepo. Anati mwina a Makwinja analitsegula pepalalo panjira n'kuligulitsa, kenako n'kusintha pasiwedi kuti abise. Panjira yake iti? Pakati pa Nathenje ndi Mitundu panali fumbi ndi ngolo, osati makompyuta. Koma bwana anali atagwira umboni wa makina awo, ndipo makina awo anawagula ndi iwo. Analamula kuti a Makwinja abwerere ku Nathenje pamodzi ndi ine ngati mboni, chifukwa a Makwinja sakanakhulupirikanso, ndipo anati pasiwedi ikakapezeka kuti si imeneyo, a Makwinja asadzapondenso pasukulupo.

Tinakwera matola. Ulendo wonse a Makwinja milomo inkangogwedera, akubwereza mawu amodzi omwewo. Munthu wamkulu, wodziwa masamu, anali atayamba kudzikayikira chifukwa cha kabokosi kotuwa.

Ku Nathenje tinapeza mayi Tembo, mlembi amene anakiya fayiloyo. Analowetsa disiketi mu kompyuta yawo n'kuuza a Makwinja kuti alembe okha. Analemba "mbatata." Mafunso onse anatulukira.

Mayi Tembo anandifunsa dzina la pulogalamu yotayipira imene tinali nayo ndi nambala yake. Nditawauza anaseka. "Ndi agogo ake a yathuyi amenewo. Zinatichitikiranso ndi a kumishoni." Anafotokoza kuti pulogalamuyo ndi imodzi, koma yawo inali yatsopano ndipo inkakiya mafayilo m'njira imene yakale sinkaidziwa. Yakaleyo ikakumana ndi loko wachilendo imayesa njira yokhayo imene imadziwa, ikalephera n'kunena kuti walakwa ndi iwe. Anachotsa pasiwedi, anasunga fayiloyo m'mtundu umene pulogalamu yakale imawerenga, anaikiyanso ndi kakiyidwe kakale, natipatsa. Yonseyo inali ntchito ya kanthawi kochepa kuposa kuwiritsa tiyi.

Titabwerera, fayilo inatseguka ndi mawu omwe aja. Ndinawafotokozera a Nkhoma zimene mayi Tembo ananena, a Makwinja ataima pakhomo kudikira.

"Ndiye vuto latha," anatero a Nkhoma. "Pukusa mapepala, mtsikana iwe. Nanunso aphunzitsi, mukanafunsa komweko kuti makina awo ndi otani."

Ana analemba mayeso mawa lake. Koma nkhani inali itafika kale pamsika wa Mitundu, yakuti mphunzitsi wa ku Phalombe uja anagulitsa masamu kuti apeze ya mowa. Yakuti pulogalamu yathu inali yakale sinafike, chifukwa a Nkhoma sakanalola kuti anthu amve kuti chuma chawo chofunda chitenje n'chotha ntchito. Ine ndinauza amene anandifunsa, ndipo agogo ankauza ogula zitumbuwa, koma ndani akanamvera ife n'kusiya Adayirekitala ndi kompyuta? Makolo ena anabwera kudzapempha kuti ana awo asaphunzitsidwenso ndi wakuba mayeso. A Nkhoma anawalonjeza kuti aiona nkhaniyo. Teremu isanathe a Makwinja anachoka okha.

A Nkhoma ndinawanyoza kuyambira tsiku limenelo, koma iwo anali wogula fodya amene anangoona zilembo pagalasi n'kuzikhulupirira. Amene ndimamunyoza koposa sindinamuonepo. Kwinakwake kunali munthu wophunzira, amene anapatsidwa ntchito yolemba mawu oti azituluka fayilo ikakana kutseguka. Akanatha kulemba kuti mwina pasiwedi ndi yolakwika, mwina fayiloyi yachokera ku pulogalamu yatsopano. Anaona kuti zimenezo n'zotopetsa, nasankha kuloza chala amene wakhala pampando.

Ndatayipa m'maofesi ambiri kuchokera pamenepo, ndipo makina asintha, koma khalidwe limenelo sanalisiye. Munthu akandibweretsera fayilo yokana kutseguka n'kundiuza kuti pasiwedi ndi yomweyo, sindimuyang'ana m'maso kuti ndione ngati akunama. Ndimayamba ndafunsa kuti inakiyidwa pa makina ati, ndi pulogalamu ya liti. Mawu a makina ndimawalandira ngati a mboni imene sinaliko, ndipo sindiwawerenga mokweza chitseko chili chotsegula.